BELE LA ABULUZI

Nkhani ya sayansi yokambidwa pa wailesi

Nkhani ya lero ndi ya abuluzi. Omvera ena angadabwe kuti nthaŵi ya pa wailesi yaperekedwa kwa tinyama tokwaŵa m'makoma, pamene nkhani za feteleza ndi za mtengo wa chimanga zikudikira. Komatu funso limene akatswiri a sayansi akhala akufunsa za abuluzi ndi lomwe lija limene nyakwaŵa amafunsa za mlendo wofika pa mudzi madzulo: kwao nkuti, adadzera njira iti, ndipo ngwa bele liti? Mlendo amayankha ndi pakamwa. Buluzi salankhula, koma yankho lake adalinyamula m'thupi, ndipo m'zaka 40 zapitazi anthu aphunzira kuliŵerenga.

ANANSI ANAI A M'TAUNI

Munthu wokhala ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo kapena ku Mgona mu mzinda wa Lilongwe sasoŵa kupita kutali kuti aone abuluzi a mitundu inai. Usiku nyale ya magetsi ikayaka pa khonde, nalimata amatuluka kuseri kwa mitanda ya denga kudzagwira tizilombo tounjikana pa kuŵalako. M'maŵa dzuŵa likayamba kutentha, buluzi wosalala wa mizere amaothera pa mulu wa njerwa. Pa thunthu la mtengo wa mango ku Area 23 kapena ku Area 25 pamapezeka gulo, mutu wake wonga mtambo, akugwedezera mutuwo ngati munthu wovomera mlandu. Ndipo mvula ikagwa, bilimankhwe, amene ena amamutcha nanzikambe, amaoloka mseu wa fumbi mwendo umodziumodzi, diso lina kutsogolo, lina kumbuyo.

Makolo adaziona nyamazi ndipo adaziika m'nthano. Iwo ankati Chauta adatuma bilimankhwe kukauza anthu kuti akamwalira adzaukanso, natumanso buluzi ndi uthenga wakuti akamwalira kwatha. Buluzi, pokhala waliŵiro, adayamba kufika. Ankatinso pa Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama kumene mtsinje wa Lilongwe umayambira, munthu atapeka moto nkutentha tchire, bilimankhwe adapulumuka pokwera mumtengo. Nthano zimenezo zikufotokoza chiyambi cha imfa ndi cha moto. Sayansi ikufunsa za chiyambi cha amithengawo.

MBAULA YA M'SELO

Thupi la chamoyo, kaya munthu, nkhuku kapena buluzi, lidamangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono totchedwa maselo, monga momwe nyumba imamangidwira ndi njerwa. Maselo saoneka ndi maso okha, amaoneka ndi galasi lamphamvu lotchedwa maikulosikopu. Pakati pa selo lililonse pali malo osungirapo malangizo a m'mene thupi liyenera kukulira ndi kugwirira ntchito. Malangizowo adalembedwa pa kaulusi kotchedwa DNA, ndi zilembo zinai zokha, A, C, G ndi T, zobwerezedwa m'ndandanda wautali kwambiri. Theka la malangizo ameneŵa limachokera kwa bambo, theka lina kwa mai.

M'kati mwa selo momwemo mulinso tinthu tina tooneka ngati nyemba, totchedwa mitokondiriya. Imeneyi ndiyo mbaula ya selo: m'menemo ndimo chakudya chimapserera ndi mpweya umene chamoyo chimapuma, kuti thupi lipeze mphamvu. M'chaka cha 1967 katswiri wa ku America, mai Lynn Margulis, adalimbikira ganizo lakuti kalekale mitokondiriya idali bakiteriya wodziimira payekha, amene adaloŵa m'selo la chamoyo china nakhazikika, ngati mkamwini amene wamanga pa mudzi wa eni nkusiya zobwerera kwao. Lero asayansi amavomereza ganizo limeneli, ndipo umboni wake umodzi ngwakuti mitokondiriya idakali ndi DNA yakeyake.

DNA imeneyi njaifupi, ndipo njozungulira ngati mkanda wa m'khosi. Ya munthu idaŵerengedwa yonse m'chaka cha 1981 ku Cambridge, ku Mangalande, ndi gulu la Frederick Sanger. Adapeza zilembo 16,569 zogaŵika m'mitu 37 ya malangizo, imene asayansi amaitcha majini. Ya abuluzi ambiri ili ndi zilembo pafupifupi 17,000, ndipo majini ake ndi omwewo 37.

CHOLOŴA CHA KUCHIKAZI

Chimene chimapatsa DNA ya mitokondiriya ulemu pakati pa ofufuza mbiri ndi njira imene imayendera m'banja. Dzira la mai lili ndi mitokondiriya yochuluka zedi. Mbeu ya bambo ili ndi yoŵerengeka, ndipo imeneyo siipitirira dzira likalandira mbeuyo. Motero mwana aliyense, wamwamuna kapena wamkazi, amatenga mitokondiriya kwa mai wake yekha. Wamwamuna amaigwiritsa ntchito moyo wake wonse, koma sapatsirako ana ake. Wamkazi ndiye amaipititsa patsogolo.

Mcheŵa sangavutike kumvetsa zimenezi. Pa mwambo wa makolo mwana amaŵerengedwa ku bele la mai wake, ndipo mbumba imakula kudzera mwa ana aakazi. Pofufuza woyenera kuloŵa ufumu, akuluakulu amalondola kuchokera kwa mai kupita kwa gogo wamkazi, mpaka kwa kholo limene mabele onse a pa mudzi adatulukamo. Wasayansi woŵerenga DNA ya mitokondiriya amalondola mzere womwewo, koma iye amabwerera m'mbuyo zaka mamiliyoni.

Amatha kutero chifukwa cha zolakwika za pokopera. Nthaŵi zonse mitokondiriya ikamachulukana, DNA yake imakopedwa, ndipo mwa apo ndi apo chilembo chimodzi chimasinthika, monga momwe mlembi wa kwa mfumu angaphonyere chilembo pokopera kaundula wakale m'buku latsopano. Kuphonyako kukachitika m'dzira, ana onse a mai ameneyo amakulandira, ndipo ana ake aakazi amakupatsira zidzukulu. Abuluzi aŵiri amene mabele ao adapatukana posachedwa amasiyana zilembo zoŵerengeka. Amene adapatukana kalekale amasiyana zilembo mazana kapena zikwi. Poyerekeza kusiyanako ndi mafupa akale osanduka miyala amene zaka zake nzodziŵika, wasayansi amapeza nthaŵi imene mabelewo adapatukana.

MIKANDA IŴIRI YOSINTHANA MALO

Palinso chizindikiro china chosoŵa kuposa kusintha kwa chilembo. Majini 37 aja amandandalikana pa DNA yozungulira ija monga mikanda pa ulusi, ndipo mwa nyama zambiri za msana, kuyambira chambo cha m'nyanja ya Malaŵi kufikira munthu, ndandandawo ngofanana. Pa malo ena pali majini atatu ang'onoang'ono otsatana, amene asayansi amaŵafupikitsa ndi zilembo I, Q ndi M. Mwa nyama zambiri amakhala motero: I, Q, M.

M'chaka cha 1997 Robert Macey ndi anzake ku America adafalitsa zimene adapeza poŵerenga gawo limeneli mwa abuluzi a mitundu yambiri. Mwa agulo ndi abilimankhwe, mikanda iŵiri yoyamba idasinthana malo: Q, I, M. Kusinthana kotere sikuchitika kaŵirikaŵiri. Kukapezeka m'mabanja aŵiri athunthu, tanthauzo lake nlakuti kudachitika kamodzi mwa kholo limodzi lachikazi, ndipo mabanja aŵiriwo ndi zidzukulu zake. Mano akuvomereza zomwezo: mwa gulo ndi bilimankhwe mano adamatirira pamwamba pa fupa la nsagwada, pamene mwa abuluzi ena ambiri amatsamira m'mbali mwa fupalo cham'kati.

Choncho gulo waliŵiro wa pa mtengo wa mango ndi bilimankhwe wochedwa wa pa mseu ndi abale apafupi. Buluzi wosalala wa pa njerwa, amene maso angamuyese mbale wa gulo, ngwa fuko lakutali, ndipo nalimata ngwakutali koposa.

DZIKO LIDALI LIMODZI

Kholo la agulo ndi abilimankhwe lidakhala kuti? Pofuna kuyankha, mpofunika kukumbukira kuti maiko sadali m'mene aliri lero. Afrika, South America, India, Madagascar, Australia ndi Antarctica adali mtunda umodzi waukulu umene asayansi amautcha Gondwana. Omvera a ku Karonga amadziŵa chinyama chakale chotchedwa Malawisaurus, chimene chithunzi cha mafupa ake chili m'nyumba yosungiramo zakale pa boma la Karonga. Abale a chinyama chimenecho mafupa ao amafukulidwa ku Argentina ndi ku Brazil. Gondwana idang'ambika pang'onopang'ono. Madagascar idapatukana ndi Afrika zaka zoposa 150 miliyoni zapitazo ili yolumikizana ndi India, ndipo pafupifupi zaka 88 miliyoni zapitazo India idaisiya nkuyamba ulendo wa kumpoto, kukagundana ndi Asia.

M'chaka cha 2010 akatswiri aŵiri a ku Nagoya ku Japan, Yasuhisa Okajima ndi Yoshinori Kumazawa, adafalitsa zimene adapeza ataŵerenga DNA yonse ya mitokondiriya ya agulo ndi abilimankhwe angapo. Adaona kuti m'mabanja ameneŵa mikanda ija yakhala ikusuntha kaŵirikaŵiri kuposa mwa abale ao a ku America otchedwa iguana. Adaonanso kuti jini lina, lofupikitsidwa ndi chilembo P, lidasamukira malo amodzimodzi kaŵiri, kamodzi mwa abilimankhwe ndi kamodzi mwa agulo ena, popanda kupatsirana. Apa padali chenjezo lakuti ngakhale chizindikiro chosoŵa chingathe kunyenga. Umboni wao udaloza ku Gondwana ngati kwao kwa mabanja aŵiriŵa, ndipo iwo adaganiza kuti makolo a agulo adatengedwa ndi India kupita ku Asia, pamene makolo a abilimankhwe adatsala ku Madagascar.

MLANDU WA AFRIKA NDI MADAGASCAR

Abilimankhwe alipo mitundu yoposa 200, ndipo pafupifupi theka lake imapezeka ku Madagascar kokha. Nchifukwa chake ambiri ankakhulupirira kuti chilumba chimenecho ndiye kwao. M'chaka cha 2002 Christopher Raxworthy ndi anzake adalemba kuti abilimankhwe adayambira ku Madagascar nkuolokera ku Afrika pa nyanja.

Mlanduwu udazengedwanso m'chaka cha 2013 ndi Krystal Tolley wa ku South Africa, pamodzi ndi Ted Townsend ndi Miguel Vences. Iwo adadziŵa kuti mitokondiriya imanena za kuchikazi kokha, ndipo mlandu wa banja suweruzidwa bwino ngati akuchimuna sadaitanidwe. Motero adaŵerenga majini a mitokondiriya pamodzi ndi a pakati pa selo, ochokera kwa makolo onse aŵiri, mwa abilimankhwe 174 oimirira mitundu 9 mwa 10 iliyonse yodziŵika nthaŵi imeneyo. Adapeza kuti banja limeneli lidayamba Gondwana itang'ambika kale, kuti lidayambira ku Afrika, ndi kuti lidaolokera ku Madagascar kaŵiri: koyamba pakati pa zaka 66 ndi 56 miliyoni zapitazo, kachiŵiri pakati pa zaka 34 ndi 23 miliyoni zapitazo. M'chaka cha 2020 mwala udachitira umboni: chigaza chakale cha bilimankhwe, chofukulidwa pa chilumba cha Rusinga m'nyanja ya Victoria ku Kenya, chidapezeka kuti nchamtundu wa Calumma, umene lero uli ku Madagascar kokha.

Womvera angafunse kuti kanyama kochedwa kuoloka mseu kadaoloka bwanji nyanja ya mchere yotambalala makilomita oposa 400. Anthu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje adaonapo Shire atadzaza, akukokolola mitengo ndi mizu yomwe, pamodzi ndi zisumbu za udzu. Mitsinje ikuluikulu ya ku gombe la kuvuma kwa Afrika imatengera zotere mpaka m'nyanja. Bilimankhwe ali ndi zala zogwira nthambi ngati mbaniro, ndipo sasoŵa chakudya chambiri. M'nthaŵi zija madzi a m'nyanja ankayenda kuchoka ku Afrika kulinga ku Madagascar, mosiyana ndi lero. Padafunika wamkazi mmodzi wa mazira, pa mtengo umodzi, kamodzi pa zaka mamiliyoni, kuti bele latsopano liyambe tsidya lija.

NALIMATA, MLENDO WA M'ZOMBO

Ulendo wa nalimata wa m'nyumba ngwa posachedwa. Dzina lake la sayansi ndi Hemidactylus mabouia, ndipo lidaperekedwa m'chaka cha 1818 ndi Mfalansa wina, Moreau de Jonnès, amene adamuona m'zilumba za Caribbean, tsidya la nyanja ya Atlantic. Lero nalimata ameneyu ali m'makoma a ku Brazil, m'zilumba zimenezo, ndi ku Florida ku America.

M'chaka cha 2006 Salvador Carranza ndi Nicholas Arnold adayerekeza DNA ya mitokondiriya ya analimata a mbali zonse ziŵiri za nyanjayo. Adapeza kuti a ku America ndi ena a ku Afrika ali pafupifupi chimodzimodzi. Akadaoloka zaka mamiliyoni zapitazo, zilembo zikadasiyana kwambiri. Kufananako kukusonyeza kuti adaoloka m'nthaŵi ya anthu, ndipo asayansi ambiri amaganiza kuti adakwera zombo za malonda, makamaka zonyamula akapolo. Nalimata amaikira mazira aŵiri a chikamba cholimba m'ming'alu ya matabwa ndi m'katundu, ndipo mazira otero angathe kupirira ulendo wautali.

M'chaka cha 2021 Ishan Agarwal ndi anzake adafufuza analimata ochokera m'malo oposa 120 mu Afrika, ku Madagascar ndi ku America. Adapeza kuti amene ankayesedwa mtundu umodzi ali mitundu pafupifupi 20 yofanana maonekedwe, ndipo mwa yonseyo umodzi wokha ndiwo udafalikira kutsidya kwa nyanja. Adapezanso kuti gulu lonseli lidayambira m'chigawo cha Zambezi, dera la nkhalango za mombo m'mene muli Malaŵi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe, ndi kuti mitundu yambiri ya gululi ili m'chigawo chomwechi mpaka lero. Nalimata wa pa khonde ku Biwi ali pafupi ndi mudzi wa makolo ake. Wa ku Rio de Janeiro ndiye mtchona.

AMENE SADACHOKE PA PHIRI LAO

Abuluzi ena mbiri yao njosayenda. M'chaka cha 1965 Donald Broadley adafotokoza bilimankhwe wa m'nkhalango ya m'chigwa cha Ruo pa phiri la Mulanje, wosapezeka kwina kulikonse. M'chaka cha 2006 Colin Tilbury, Krystal Tolley ndi Bill Branch, ataŵerenga DNA yake, adaona kuti ngwa bele lapadera loyenera dzina lakelake. Dzinalo adalitenga ku Chicheŵa, ku mau akuti nanzikambe, nalitcha Nadzikambia. M'chaka cha 2010 mbale wake adafotokozedwa kuchokera pa phiri la Mabu m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique, ndipo m'chaka cha 2014 mitundu inai yatsopano ya tiabilimankhwe tating'ono ta m'masamba ofota idapatsidwa maina, umodzi pa phiri lililonse: Mabu, Namuli, Chiperone ndi Inago.

Chifukwa chake nchakuti kalekale nkhalango ya mvula idali yolumikizana m'dera lonseli. Nyengo itauma, nkhalangoyo idatsalira pamwamba pa mapiri, monga madzi amatsalira m'zithaphwi dambo likaphwa. Tinyama tosatha kuoloka tchire louma tidatsekeredwa, phiri lililonse ndi bele lake, ndipo zilembo zidapitirira kusinthika mpaka bele lililonse lidasanduka mtundu.

Ku Nsanje, m'mapiri otchedwa Malaŵi Hills, kuli kabilimankhwe kotalika ngati chala cha munthu, kamene Tilbury adakafotokoza m'chaka cha 1992, ndipo dzina lake la sayansi ndi Rhampholeon chapmanorum. Zithunzi zojambulidwa kuchokera mumlengalenga zidasonyeza kuti pakati pa 1984 ndi 2019 magawo pafupifupi 80 mwa 100 a nkhalango ya kumeneko adadulidwa. Ambiri ankaopa kuti kanyamako kadatha. M'chaka cha 2016 akatswiri a ku South Africa pamodzi ndi a Museums of Malaŵi adakafunafuna usiku ndi matochi ndipo adakapeza m'timagulu ta mitengo totsalira. Koma DNA yake, monga adafalitsira m'chaka cha 2021, idasonyeza kuti tinyama ta m'kagulu kamodzi ka mitengo tidaleka kukwerana ndi ta m'kagulu kena, chifukwa minda ya pakati njosaoloka kwa ito. Banja likamakwatirana lokhalokha limafooka.

KAUNDULA WOSATHEKA KUMULEMBANSO

Nsanje ili kutali ndi Lilongwe, koma nkhaniyi ikukhudza munthu wa m'tauni. M'maŵa uliwonse njinga zolemedwa ndi matumba a makala zimaloŵa mumzinda kuchokera ku Dzalanyama, ndipo makalawo amathera pa mbaula za ku Chinsapo, ku Kawale ndi kwina. Mai wophikira banja alibe mlandu pofuna moto, pakuti magetsi ndi gasi sizidafike pa khomo lililonse. Komabe nkoyenera kuti wogula ndi wogulitsa, mfumu ndi wa boma, adziŵe chimene chimapsa pamodzi ndi mtengo. Mitengo ingathe kubzalidwanso. Bele la nyama limene lidatenga zaka mamiliyoni kuti likhale m'mene liriri, likatha latha, ndipo mbiri imene lidanyamula m'mitokondiriya imatha nalo. Mitundu inai ya ku Mozambique ija idapatsidwa maina m'chaka cha 2014 chabe. Nkhalango zake zikadapsa zaka 20 m'mbuyo mwake, palibe akadadziŵa kuti idakhalako.

Pali chinanso chimene kholo lililonse lingathe kuchita osataya ndalama. Ana ambiri amagenda bilimankhwe kapena kumuthira fodya m'kamwa, ndipo amapha gulo ndi legeni poopa ululu. Bilimankhwe, gulo ndi nalimata alibe ululu wopha munthu. Bilimankhwe amadya ziwala ndi ntchentche, gulo amadya nyerere, mbozi ndi tizilombo tina, ndipo nalimata amagwira udzudzu ndi mphemvu zazing'ono. Mphunzitsi wa ku pulaimale amene alibe maikulosikopu ali nazo nyama zimenezi pa khoma la kalasi ndi pa mtengo wa pa bwalo, ndipo angathe kuphunzitsira pa izo za maselo, za kupatukana kwa maiko, ndi za malonda a akapolo.

Nthano idamuimba mlandu bilimankhwe chifukwa cha kuchedwa, ndipo wakhala akulipira mlanduwo ndi miyala ya ana. Sayansi yapeza kuti mthenga wochedwayo adaoloka nyanja kaŵiri nakafika, ndi kuti uthenga wa m'thupi mwake waupereka kwa ana ake mbadwo ndi mbadwo kufikira lero. Nkhani ya lero yathera pamenepa.